Galu wanga anali wobaidwa, koma mwana anadwalabe

Amene amangodutsa pa Jenda amaona kachewere, tomato, anyezi ndi kabichi zitaunjikidwa m'mbali mwa msewu wa M1, amaima pa rodibuloko ya apolisi, kenako basi yanyamuka ulendo wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Safika kuseri kwa magolosale kumene kukumera nyumba za malata zomangidwa ndi ndalama za ku Joni. Nyumba zambiri zotere zili ndi mpanda, ndipo m'kati mwa mpandamo muli galu. Bambo ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, pakhomo patsala mayi ndi ana, matumba a simenti ali m'chipinda, anthu achilendo akulowa ndi kutuluka m'malire a Zambia usana ndi usiku. Mayi wake uti angapeze tulo popanda galu?

Ine ndine mmodzi wa amayi amenewo. Kwathu ndi ku Kasungu, koma anandilowola kuno, ndipo ya mchere ndimaipeza pogulitsa kachewere. Zimene ndikusimba pano si zonyaditsa. Mwana wanga anazunzika ndi matenda amene mankhwala ake ndi mapiritsi ochepa chabe, mayi wina wosalakwa anasenza dzina la ufiti, zonsezo chifukwa cha chinthu chimene ndinkachilumpha tsiku ndi tsiku pabwalo panga osachilabadira, chimbudzi cha galu.

Chaka chimenecho bambo a ana anatumiza ndalama zoti tiwonjezere zipinda. Anyamata a ngolo anatuta mchenga kudambo n'kuuthira pansi pa mtengo wa mango. Njerwa zitafika pawindo, ntchito ya bamboyo kunjako inasokonekera, ndalama zinasiya kubwera, mmisiri ananyamula zipangizo zake. Mchenga uja unakhala pomwepo, pamthunzi, mvula n'kuupeza. Galu wathu wamkazi anaberekera m'chipinda chosathacho, ndipo ana ake atayamba kuyenda anasandutsa mchengawo kodzithandizira. Amphaka a m'dera lonse nawo ankabwera usiku, kufukula, kuchita zawo, kukwirira. Masana mchenga womwewo unali wa mwana wanga wachiwiri, mnyamata wa zaka 4, ndi anzake. Ankakumba timaenje, kumanga timagalaja ta magalimoto a mawaya, atakhala pansi ndi kakabudula kong'ambika. Ine mtima unali m'malo, poti mwana ali m'mpanda, sakupita kumsewu kumene kumathamanga malole.

Poyamba ndinkayesa walumidwa ndi nyerere, chifukwa panali timadontho tofiira pamwamba pa phazi ndi pathako. Kenako pa kadontho kalikonse panatuluka kamzere kofiira, kotupa pang'ono, kokhotakhota. Usiku mwana sankagona. Ankakanda mpaka magazi, kulira mpaka mawu kusasa. Ndinagula mafuta a chipere, osathandiza. Apongozi anga atabwera kuchokera kumudzi anagwira phazilo, kuliyang'anitsitsa, n'kutenga khala kulemba pamene kamzere kanathera. M'mawa kamzere kanali katadutsa pakhala paja, katakhotera cha kuchala chachikulu. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu: "Mkamwana, ichi n'chamoyo. Chikuyenda. Kodi mwayambana ndi ndani?"

Ndinali nditayambanadi ndi munthu. Mkazi wa alamu anga, amene poloti yawo inagundana ndi yathu, tinali titatayirana mawu pa nkhani ya malire pomwe tinkakumba maziko. Funso la apongozi linapeza yankho lili kale m'mtima mwanga. Sing'anga amene tinapitako anangomaliza zimene tinabwera nazo: anati mankhwala anatcherera ine, koma wapondapo ndi mwana. Anatema mphini m'mbali mwa kamzere, kupakamo zakuda. Phazi linatupa, mabala anayamba kutuluka mafinya, kamzere kakupitirizabe ulendo wake. Ine ndinasiya kupereka moni kwa mnzangayo. Dzina lake sindinalitchule pagulu, koma pamsika sipafunika kutchula dzina. Ukangoti "ena tinagundana nawo mpanda", aliyense wamva. Ana a anthu anasiya kusewera ndi ana ake. Lamulo la dziko lino la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo tonse timamva pa wailesi mmene agogo ena amaphedwera pa zifukwa zonga zimenezi. Ndinkazidziwa zonsezo, koma ndinkati za ine n'zina, chifukwa umboni unali paphazi la mwana, ukuyenda.

Chinanditulutsa m'chimbulimbuli chimenechi ndi sikelo ya khanda langa. Mnyamata wodwalayo ndinangomutenga poti panalibe womusiyira. Mlangizi wa zaumoyo anamuona akutsimphina, anagwada, n'kumasula kansanza kamene ndinamanga paphazi. Sanadabwe n'komwe. "Amayi, pakhomo panu pali galu?" Ndinati alipo. "Nanga mchenga womangira nyumba?" Ndinangoti kukamwa yasaa. Anandituma kwa adokotala, amene anatsuka mabala, kupereka mankhwala a mafinya aja ndi mapiritsi a albendazole, omwe aja amapatsa ana kusukulu ndi kusikelo. Posakhalitsa kuyabwa kunatha, kamzere kanaima n'kuyamba kuuma.

Komabe ndisanatuluke m'chipindamo ndinatsutsa. "Adokotala, galu wanga ndi wobaidwa. Chaka chilichonse ndimapita naye, chiphaso chili kunyumba." Iwo anati, "Kubaya kuja n'kwa chiwewe, amayi, ndipo musadzasiye. Koma jakisoni ameneyo sakhudza njoka za m'mimba. Munayamba mwam'mwetsa mankhwala a njoka?" Ndinali ndisanamvepo kuti galu amamwa mankhwala a njoka. Ndikafunsa anzanga pamsika, ambiri ali monga ndinalili: galu akangolandira jakisoni wa chiwewe, timati wathana ndi matenda onse.

Chimene chinkayenda m'phazi la mwana wanga chinali mphutsi ya njoka yotchedwa Ancylostoma, kanjoka kotalika sentimita 1 kapena 2 kamene kamaluma khoma la matumbo a galu kapena mphaka n'kumayamwa magazi. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Akagwera pa dothi lofunda, lachinyezi, lamthunzi, amaswa pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo pakatha masiku 5 mpaka 10 mphutsizo zimakhala zitakhwima, zikudikira khungu loti ziboole. Zikalowa mwa galu zimakafika m'matumbo. Zikalowa mwa munthu zimasochera, chifukwa sizitha kupyola khungu la pamwamba, ndiye zimangoyendayenda m'menemo, mamilimita angapo kapena sentimita pa tsiku, kwa masabata ngakhale miyezi, mpaka zitafa zokha. Alendo opita kukasewera m'magombe a maiko otentha amabwerera nazo kwawo. Mchenga wa pansi pa mango, m'nyengo ya mvula, unali ndi zonse zimene mphutsizi zimafuna.

Nditafika kunyumba mkwiyo wonse ndinauchotsa pa mnzanga uja n'kuuika pa galu. Ndinafuna kum'patsa tameki. Mlangizi wa ziweto, amene ndinam'peza kudzera mwa mayi wina woweta nkhumba, anandiletsa. "Mayi, mukamupha, mwezi wamawa mugula wina, chifukwa akuba sanasamuke. Winayo abweranso ndi njoka zake. Ndipo mazira amene ali kale m'dothimu safa chifukwa galu wafa." Anagwira kagalu kamodzi n'kukagoneka chagada. Kamimba kanali kotupa, kolimba, nthiti zikuwerengeka, ubweya utanyankhalala. Anakatsegula kukamwa, nkhama zili mbee m'malo mofiira. Tiagalu tina tinali titafa kale, ife n'kumati make alibe mkaka wokwanira. Onse anawamwetsa mankhwala pamodzi ndi make, ndipo m'mawa mwake ndinaona ndi maso angawa njoka zoyera, zina zotalika kuposa chala changa chapakati, zitapotana m'chimbudzi cha kagalu kosakwana miyezi iwiri.

Zimenezo ndi mtundu wina, Toxocara, ndipo ndi umene umandiopsa kwambiri. Kagalu kamabadwa nazo kale, chifukwa mphutsi zimagona m'thupi la make n'kudzuka akatenga bere, kulowa mwa ana ali m'mimba, zina kudzera mu mkaka. Njoka yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 200,000 pa tsiku. Mazirawo saoneka ndi maso, ali ndi chikamba cholimba, amamata ku zala, ndipo m'dothi lachinyezi amakhala amoyo kwa miyezi ngakhale zaka. Mwana akawameza, kaya poyamwa zala, kaya podya dothi, kaya potola mango ogwa pansi n'kudya osatsuka, amaswa m'matumbo, mphutsi n'kulowa m'magazi. Mwa munthu sizikula kukhala njoka, choncho ngakhale ayeze chimbudzi cha mwanayo sapezamo kanthu. Zimangoyenda m'chiwindi, m'mapapo, nthawi zina m'diso. Ana ambiri sadwala n'komwe. Ena amatentha thupi, kutsokomola, kubanika, chiwindi kutupa, zinthu zimene ife timathamangira kuzitcha malungo kapena chibayo.

Za diso zija si nthano. Mu 1950 katswiri wina wa ku America, mayi Helenor Campbell Wilder, anapima maso 46 amene madokotala anali atachotsa, ambiri mwa ana, ena powaganizira khansa ya m'diso. M'maso 24 anapezamo mphutsi za njoka kapena zotsalira zake, ndipo mu 1956 zinadziwika kuti zinali Toxocara. Mu 1952 Paul Beaver ndi anzake ku New Orleans anafotokoza za ana amene mphutsi zotere zinkawadwalitsa chiwindi. Ngati anthu a makina ndi mabuku ankasokonezeka chonchi, nanga ife a ku Jenda, amene dokotala wa maso timakam'peza ku Mzuzu kapena ku Lilongwe? Mphutsi imodzi yokha ikakhazikika kuseri kwa diso, chipsera chake chimatha kulizimitsa, ndipo mwana wamng'ono sanena kuti diso limodzi lasiya kuona. Makolo timazindikira likayamba kuyang'ana kumbali, kapena pakati pake pakayera.

Chotonthoza n'chakuti mazira a Toxocara akangotuluka kumene sangapatsire munthu. Amafunika masabata 2 mpaka 4 ali m'dothi kuti akhwime. Ndiye kuti pa njoka imeneyi, chimbudzi cha lero, chonunkha chija timanyansidwa nachochi, n'chochepa mphamvu kusiyana ndi chija chinakhalitsa, chinafumbutuka, n'kusakanikirana ndi dothi la pabwalo. Ife timachita zosemphana. Chachiwisi timachilumpha, timadikira chiume, kenako tsache lichimwaze bwalo lonse.

Kwa mnzanga uja ndinapita ndi apongozi, nditanyamula nkhuku. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kungofunsa kuti, "Nanga mwana ali bwanji tsopano?" Nkhuku analandira. Timapatsana moni, timapemphana mchere, koma ana ake sanalowenso m'mpanda mwathu, ndipo pamsika alipo ena amene mpaka lero amamuyang'ana ndi diso lina.

Mu Disembala bambo a ana atabwera tinapha mbuzi ya Khirisimasi. Kuno ku Mzimba, kwa Angoni, nyama ndi ulemu, ndipo galu ali ndi gawo lake posenda: chilichonse chokayikitsa m'matumbo, m'chiwindi kapena m'mapapo amachidula n'kumuponyera. Tsiku limenelo pa mafuta a matumbo panali kathumba ka madzi kolendewera, bambo atakweza kale dzanja, galu atatchera kukamwa. Ndinawagwira mkono. "Bambo, chimenecho ayi." Anaseka, amvekere, "Mayi, kodi ndili kunjaku mwasanduka a vetenale?"

Timatumba totere ndi ana a njoka zamfundomfundo. Galu akameza, njokayo imakula m'matumbo mwake, mazira amatayika pa msipu, mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe n'kuwadyera kumodzi ndi udzu. Mtundu wina umakhazikika mu ubongo wa mbuzi kapena nkhosa, chiweto n'kumangozungulira malo amodzi. Tikachipha, mutu timapatsa galu, matenda n'kuyambiranso. Woopsa kwa munthu ndi Echinococcus. Mwa galu ndi kanjoka kosapitirira mamilimita 7, galuyo amaoneka wathanzi, koma mazira ake, mosiyana ndi a Toxocara, amapatsira pompopompo, ndipo amamatirira ku ubweya ndi kukamwa kwake. Munthu akawameza, m'chiwindi kapena m'mapapo mumamera chotupa cha madzi chimene chimakula mwakachetechete kwa zaka, mpaka kufunika opaleshoni. Pakati pa anthu a mtundu wa Turkana, abusa a kumpoto kwa Kenya amene amakhala pafupi kwambiri ndi agalu awo, matendawa ndi ofala kuposa malo ambiri padziko. Dziko la New Zealand, la nkhosa zambirimbiri, linalimbana nawo poletsa kupatsa agalu zam'kati zosaphika ndi kuwamwetsa mankhwala mwalamulo, ndipo mu 2002 linalengeza kuti atha. Ndi maso athuwa sitingasiyanitse kathumba koopsa ndi kosaopsa, choncho chilichonse chotere n'chokwirira mozama kapena kutentha, ndipo zam'kati zopatsa galu ziyambe zawira. Ndikadutsa pamene anyamata akusenda mbuzi tsiku la msika, agalu atawazungulira kudikira gawo lawo, ndimangogwira pakamwa.

Nthata nazo zili ndi njoka yake, Dipylidium. Timfundo take timaoneka pansi pa mchira wa galu kapena pogona pake ngati timbewu ta mpunga tikugwedera, ndipo khanda lokwawa likameza nthata mwangozi, tomweto timadzapezeka m'thewera. Imeneyo siopsa kwenikweni. Mankhwala a praziquantel, omwe aja a likodzo, amaithetsa.

Mphaka wathu sindingamuchotse, chifukwa popanda iye makoswe angathe chimanga. Koma iye ali ndi Toxocara wakewake, komanso kachilombo kosaoneka kotchedwa Toxoplasma kamene amakatenga podya makoswe ndi mbalame n'kumakatulutsa ndi chimbudzi chake. Kwa munthu wathanzi nthawi zambiri sikachita kanthu kooneka. Kwa mayi amene wakatenga koyamba ali woyembekezera, kangachititse kuti apite padera, kapena kuwononga ubongo ndi maso a mwana. Kwa munthu amene chitetezo chake chatsika ndi HIV kamatha kugwira ubongo, ndipo Bactrim amene amapereka pamodzi ndi ma ARV amathandiza kukatchinga. Kamalowanso kudzera m'nyama yosapsa bwino, monga kanyenya wofiira m'kati. Mphaka amakonda kukwirira m'mabedi a masamba, m'phulusa ndi mumchenga. Ndiye ndikaona mtsikana wapakati akutafuna dothi, sindikhalanso chete monga kale. Ndimam'funsa kuti walitapa pati.

Pakhomo panga masiku ano fosholo imayamba kuzungulira tsache lisanagwidwe, ndipo zonse za agalu zimakagwera m'chimbudzi chokumba. Mchenga uja tinauphimba ndi malata akale mpaka mmisiri atabweranso kudzaumaliza. Agalu aakulu amamwa mankhwala miyezi 3 iliyonse. Ana awo amayamba ali ndi masabata 2, kubwereza pakatha masabata 2 aliwonse mpaka akwane masabata 8, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, make nayenso kumwa nawo. Mlingo umayendera kulemera kwa galu, ndiye timam'lowetsa m'thumba n'kum'pachika pa sikelo yanga ya kachewere, anthu odutsa n'kumafa ndi kuseka. Asekeni, koma mankhwala a ng'ombe ongoyerekeza mlingo ndi maso amatha kupha tiagalu, Panado amapha mphaka, ndipo safunsa anadya phula. Ana amasamba m'manja ndi sopo pa mpondagiya asanadye, amavala masilipasi ngakhale amawavula ndikangotembenuka. Chimene tinakanganirana kwambiri ndi apongozi ndi chizolowezi choitana galu kuti adye chimbudzi cha khanda, galu yemweyo n'kudzanyambita khandalo kumaso. Iwo anati analera ana awo onse motero ndipo anakula. Ine ndinati pakhomo pano ayi, ndipo mpaka lero akabwera amang'ung'udza.

Sikuti zonse zili bwino. Agalu a anzanga amalowabe pa mpata wa mpanda, mapiritsi a agalu sapezeka m'golosale iliyonse, ndipo pakhomo pakasowa ufa palibe amene angaganize za njoka za galu. Mankhwala amene ana amalandira kusukulu ndi kusikelo ndi abwino, koma analinga njoka za anthu, ndipo sateteza mwana ku mazira amene akukawapeza pabwalo madzulo ake omwewo. Timachiza ana chaka ndi chaka, galu amene akugona pakhonde pawo osam'khudza.

Pempho langa kwa a zaziweto m'boma la Mzimba ndi ili: tsiku lobaya katemera wa chiwewe agalu ambiri amasonkhana malo amodzi, eni ake ali pomwepo. Bwerani ndi mapiritsi a njoka tsiku lomwelo, ngakhale akhale ogulitsa, ndipo mutiuze poyera kuti jakisoni ali ndi ntchito yake, mapiritsi ali ndi yawo. Inu abambo amene muli ku Joni, potumiza ya simenti ndi malata, ikanipo ya mankhwala a galu amene munam'siya kuti alondere ana anu. Ndipo amayi anzanga, mukaona kamzere kofiira kakuyenda pakhungu la mwana, thamangirani naye kuchipatala musanaloze munthu chala.